Alan Turing ndi Luso la Kupeza Zolakwa

Ambiri a ife timakonda masewera a pa kompyuta ndi a pa foni, ndipo ena ayamba kale kulemba timasewera tao m'phunziro la kompyuta. Amene anayesapo adziwa kuti kulemba sikubvuta kwambiri. Cobvuta ndi kupeza pamene palakwika. Masewera ayenda bwino lero, mawa aima okha osanena cifukwa. Munthu amayang'ana mizere ya pulogalamu mpaka maso kuwawa, potsiriza nkumanena kuti makina ndiwo ali ndi nkhanza. M'nkhani ino ndifuna kukusimbirani mbiri ya Alan Turing, Mngerezi amene anamwalira mu 1954. Anthu ambiri amamkumbukira cifukwa ca nchito yace ya pa nkhondo. Ine ndamsankha cifukwa anali mmodzi wa anthu oyamba kulemba malamulo akuti makina asewere chesi, ndiponso mmodzi wa oyamba kulongosola njira yogwirira zolakwa m'malamulo otere.

Alan Mathison Turing anabadwa pa 23 June 1912 mu mzinda wa London. Atate ace anali kugwira nchito ya boma ku India, kotero kuti Alan ndi mkulu wace John analeredwa nthawi yaitali ndi anthu ena ku England, makolo ao akumabwera mwa kamodzikamodzi. Ali ndi zaka 13 anamtumiza ku Sherborne, sukulu yogonera konko monga yathu ino. Tsiku lotsegulira sukulu, mu May 1926, linakumana ndi sitiraka yaikulu ya anchito a m'dziko lonse la Britain, ndipo sitima za pamtunda sizinali kuyenda. Mnyamatayo sanakhale pansi kudikira. Anakwera njinga ku Southampton, napalasa mailosi ngati 60, nagona usiku umodzi pa njira, nafika pa sukulu tsiku lotsatira.

Pa sukulupo sanali mwana wokondedwa ndi aphunzitsi onse. Malipoti ace anali kudandaula kuti zolemba zace nzauve ndiponso kuti sasamala Cilatini ndi Cingerezi. M'masamu anali kupeza yankho mwa njira zace zace, koma kalembedwe kace kanali kosalongosoka. Cimeneci mucisunge, pakuti tidzacipezanso kutsogolo. Pa Sherborne pomwepo anapeza bwenzi, Christopher Morcom, wokonda sayansi monga iye. Morcom anamwalira mu February 1930 ndi nthenda ya cifuwa cacikulu, ndipo imfayi inamsautsa Turing zedi. Kuyambira pamenepo analimbikira maphunziro koposa kale.

Mu 1931 analowa King's College ku Cambridge, ndipo mu 1935, ali ndi zaka 22 zokha, anamsankha kukhala Fellow wa kolejiyo. Caka cotsatira analemba pepala la masamu limene linamchukitsa. Nthawi imeneyo kunalibe kompyuta ngati zathuzi. Turing anaganizira m'mutu mwace makina okhala ndi mzere wa pepala wautali wogawidwa m'timabokosi. Makinawo awerenga cizindikiro cimodzi, nalemba cina, nasuntha kumanja kapena kumanzere, potsata mndandanda wa malamulo. Anaonetsa kuti makina amodzi otere angathe kucita nchito ya makina ena onse a mtunduwo, mukangowapatsa malamulo oyenera. Amenewa ndiwo maziko a kompyuta, cinthu cimodzi comweco cimene m'mawa cilemba kalata, masana ciwerengera ndalama, madzulo cisewera mpira.

Koma m'pepala lomwelo muli cinthu cina cimene olemba masewera ayenera kucidziwa. Turing anatsimikiza ndi masamu kuti sikutheka kupanga makina amene angayang'ane malamulo ali onse amene mungawapatse ndi kunena mosaphonya ngati malamulowo adzayenda bwino kapena adzakodwa pa njira. Ndiye kuti palibe sing'anga mmodzi wociritsa zolakwa zonse za mapulogalamu onse, ndipo sadzapezeka. Wolemba pulogalamu ayenera kudziikira yekha zizindikiro zomthandiza kuona pamene wasocera.

Atatha zaka ziwiri ku Princeton, m'dziko la America, kumene analandira digiri ya udokotala wa masamu mu 1938, anabwerera kwao. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itayamba mu September 1939, anapita ku Bletchley Park, malo a cinsinsi kumene boma la Britain linasonkhanitsa anthu anzeru kuti amasulire mauthenga obisika a asilikali a ku Germany. Mauthengawo anali kubisidwa ndi makina ochedwa Enigma, amene anali kusanduliza cilembo ciri conse kukhala cina, ndipo kacheredwe ka makinawo kanali kusintha tsiku ndi tsiku. Akatswiri a ku Poland, makamaka Marian Rejewski, anali atayamba kale kuulula cinsinsico, napatsa Angerezi nzeru zao nkhondo itatsala pang'ono kuyamba. Turing anakonza makina ena ochedwa Bombe, oyamba nayamba nchito mu March 1940, ndipo mnzace Gordon Welchman anawaonjezera mphamvu.

Kagwiridwe ka Bombe ndiko kandikondweretsa ine. Omasulira anali kuyamba ndi kuganizira mau amene ayenera kupezeka mu uthenga, monga mau onena za nyengo amene asilikali anali kutumiza masiku onse. Tsono Bombe inali kuyesa macheredwe zikwi zambiri, kamodzi ndi kamodzi, ndi kuona ngati zotsatira zace zigwirizana ndi mau aja. Zikangotsutsana, kacheredweko kanali kutayidwa nthawi yomweyo. Makina anali kuima pokhapokha pamene sanapeze kutsutsana, ndipo anthu anali kuyesanso ndi manja, pakuti nthawi zina makinawo anali kuima pa yankho lonyenga. Gulu la Turing, la m'nyumba yochedwa Hut 8, linali kumasulira mauthenga a nkhondo ya pa nyanja, ndipo nchitoyi inathandiza sitima zonyamula cakudya kuzemba sitima za adani zoyenda pansi pa madzi m'nyanja ya Atlantic.

Anzace a ku Bletchley anasimba kuti njinga yace inali ndi cheni cimene cinali kugwa nthawi ndi nthawi. M'malo mopita nayo kwa wokonza, iye anawerenga kuti zopalasira zizungulira kangati cheni cisanagwe, ndipo anali kutsika nthawi isanakwane nacikonza ndi dzanja. Nkhaniyi imaseketsa, komatu muli nzeru. Colakwa cimene cioneka ngati cingobwera cokha cimakhala ndi nthawi yace, ndipo woiwerenga nthawiyo ndiye amacigwira.

Nkhondo itatha mu 1945, analowa nchito ku National Physical Laboratory, pafupi ndi London, nalemba mapulani a kompyuta yochedwa ACE. M'mapulaniwo anapatula cigawo cathunthu conena za kufufuza zolakwa, makinawo asanamangidwe nkomwe, nachulanso kuti makina otere angathe kudzasewera chesi. Masiku amenewo analinso wothamanga wodziwika. Mu 1947 anathamanga mpikisano wa mailosi 26 m'maola 2 ndi mphindi 46. Koma kumanga kwa ACE kunacedwa, iye natopa ndi kudikira. Mu 1948 anasamukira ku yunivesite ya Manchester, kumene F. C. Williams ndi Tom Kilburn anali atayendetsa kompyuta yao yoyamba pa 21 June caka comweco.

M'caka comweco ca 1948, Turing ndi bwenzi lace David Champernowne analemba malamulo osewerera chesi, nawacha Turochamp pophatikiza maina ao awiri. Cidutswa ciri conse anacipatsa mtengo: kamsilikali 1, kavalo 3, bishopu 3 ndi theka, nsanja 5, mfumukazi 10. Malamulowo anali kuyesa mayendedwe onse otheka, kuona yankho la mdani, kuwerengera mitengo, ndi kusankha kuyenda kopindulitsa koposa. Panalibe kompyuta yokwanira kuwayendetsa, cotero anakhala pa pepala.

Tsopano ndifika pa cinthu cimene ndaciyesa cacikulu. Pa 24 June 1949 akatswiri anasonkhana ku Cambridge, kumene kompyuta yochedwa EDSAC inali itangoyamba kugwira nchito mwezi wa May. Turing anawawerengera kapepala ka masamba atatu konena za kufufuza pulogalamu yaitali. Anayamba ndi fanizo la munthu wophatikiza manambala ataliatali. Ngati walemba yankho lokha pansi, wofufuza ayenera kubwereza samu yonse. Koma ngati walemba ciwerengero ca mzere uli wonse ndi nambala imene wanyamula, wofufuza angathe kuyesa mzere umodzi umodzi, naona msanga pamene paphonyeka. Aphunzitsi athu a masamu, amene satopa kutiuza kuti tizionetsa njira yonse, adzakondwa kumva kuti Turing anali mbali yao.

Cimodzimodzinso ndi pulogalamu. Turing anaphunzitsa kuti wolemba aziika pa malo osankhika mau onena cinthu cimene ciyenera kukhala coona makina akafika pamenepo. Mau otere Angerezi amawacha assertion. Citsanzo cace cinali pulogalamu yoculukitsa manambala otsatizana, monga 1, 2, 3, 4 ndi 5, amene apereka 120, pogwiritsa nchito kuphatikiza kokha. Analemba tebulo loonetsa cimene ciyenera kukhala m'kabokosi kali konse pa sitepe iri yonse, kuti wofufuza ayese cidutswa cimodzi pa nthawi. Anaonjezanso kuti wolemba asonyeze kuti pulogalamuyo idzatha, pochula nambala ina imene icepa nthawi zonse kufikira makina ataima. Anthu sanalabadire kapepalako masiku amenewo. Nzeru yotereyi inakula pambuyo pace ndi Robert Floyd mu 1967 ndi Tony Hoare mu 1969. Ndipo cosekesa ncakuti kapepala ka Turing kanasindikizidwa ndi zolakwa zambiri za okopera, mpaka F. L. Morris ndi C. B. Jones anakasindikizanso kokonzedwa mu 1984.

Tiyerekeze kuti mnzathu wina walemba masewera a bawo pa kompyuta. Bawo liri ndi maenje 32 ndi njere 64, ndipo njere sizibadwa kapena kufa pa masewera, zingosamuka. Tsono mnzathuyo alembe mzere umodzi wakuti wosewera ali yense akatha kuyenda, makina awerenge njere zonse, ndipo zikapanda kukwana 64 aime pomwepo nachule mzere umene aimira. Popanda mzerewu, njere imodzi ingathe kutayika pa kuyenda kwacitatu, masewera napitirira ngati palibe kanthu, bvuto nkudzaoneka pa kuyenda kwa 40 pamene palibe angakumbukire ciyambi cace. Pa chesi mungalembe kuti mbali iri yonse ikhale ndi mfumu imodzi, ndi kuti bishopu asacoke pa mtundu wa mabokosi umene anayambira. Assertion imagwira wakuba ali m'munda momwemo, asanafike kwao.

Mu February 1951 yunivesite ya Manchester inalandira kompyuta yatsopano, Ferranti Mark 1, ndipo Turing ndiye analemba buku loyamba lophunzitsa anthu kuilembera mapulogalamu. Nchitoyo inali yowawa. Malamulo anali kulembedwa ndi zizindikiro 32 za makina otumizira matelegalamu, manambala akumawerengedwa cobwerera, ndipo makinawo anali kuonongeka kawirikawiri. Munthu akapeza yankho lolakwika sanali kudziwa ngati walakwa ndi iye kapena ndi makina. Kompyutayo inali ndi kalipenga kolira ikalamulidwa, ndipo Turing analongosola m'buku lace umo munthu angakalizire mau osiyanasiyana. Motero wogwira nchito anali kutha kumva ndi khutu pamene pulogalamu yafika. Mphunzitsi wina wa pa sukulu ya Harrow, Christopher Strachey, anawerenga bukulo, naimbitsa kalipengako nyimbo ya dziko la Britain mu 1951, ndipo mu 1952 pulogalamu yace ya drafiti inasewera masewera athunthu pa makinawo.

Kompyuta imeneyi inalinso ndi lamulo loturutsa manambala a maere, limene linaikidwa potsata ganizo la Turing. Olemba mapulogalamu anapeza kuti linali kuwabvutitsa, pakuti pulogalamu ikalakwa lero sanali kutha kuibwereza mawa ndi manambala omwewo. Masewera ambiri a lero ali ndi maere, koma maere ace amacokera ku nambala imodzi yoyambira. Wolemba wanzeru amasunga nambalayo, kuti masewera amene anaonongeka awabwereze ndendende monga anayendera.

Si zolakwa zonse zimene zicokera kwa wolemba. Wosewera angathe kudina batani losayenera, kapena kusankha dzenje lopanda njere; magetsi angathe kuzima masewera ali kusungidwa, fayilo niionongeka. Zotere sizifuna assertion, pakuti kuimitsa masewera cifukwa mwana wadina polakwika nkupanda ulemu. Pulogalamu izidziyembekezera, imuuze wosewera mwa mau omveka cimene cacitika, nimpatse mwai woyesanso. Coipa koposa ndi pulogalamu yomeza colakwa cete, yonga mwana wobisa cironda kufikira citanyeka. Turing sanayese kulakwa cinthu cacilendo. Mu February 1947 anauza a London Mathematical Society kuti makina amene tiwayembekeza kusalakwa konse sangakhalenso anzeru.

Mu 1952 Turing anatopa ndi kudikira makina okwanira Turochamp, nasanduka iye mwini kompyuta. Anasewera ndi mnzace wa pa nchito, Alick Glennie, iye akutsata malamulo a pa pepala, ndipo kuyenda kumodzi kunali kumtengera nthawi yofika theka la ola. Turochamp inagonja pa kuyenda kwa 29. Mfumukazi yace inadya kamsilikali, niima pa mzere umodzi ndi mfumu yace, nsanja ya Glennie niitsekera pomwepo. Malamulowo anali kuona pafupi pokha, monga munthu wotola ndalama pa mseu osayang'ana galimoto.

Cimene capulumutsa masewerawa ncakuti kuyenda kuli konse kunalembedwa, ndipo kunasindikizidwa mu 1953 m'buku lokonzedwa ndi B. V. Bowden. Patapita zaka zoposa 50, akatswiri ena a chesi anaika malamulo a Turochamp m'kompyuta yeniyeni, nayerekeza ndi zolembedwazo. Anapeza kuti pa malo ena Turing sanayende monga malamulo ace analamulira. Kusalongosoka kuja kwa ku Sherborne kunali kusanamsiye. Palibe akadadziwa zimenezi masewerawo akadapanda kulembedwa. Mu 2012 katswiri wa chesi Garry Kasparov anasewera ndi Turochamp ku Manchester, naigonjetsa pa kuyenda kwa 16.

Buku lolembamo zocitika motere limachedwa log, ndipo akale anali kulilemba ndi manja. Ku Harvard, m'dziko la America, anchito a kompyuta yochedwa Mark II anapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika m'makina mu 1947, nakamata pa tsamba la buku lao, ndipo tsambalo lisungidwa kufikira lero ku Washington. Masiku ano pulogalamu imalemba yokha. M'bawo lija, log ingalembe nthawi, wosewera, dzenje limene wasankha, ndi njere za m'maenje onse asanayende ndi atayenda. Assertion ikaimitsa masewera, log ndiyo ikuuzani njira imene anadzera kuti afike pamenepo.

Zaka zotsiriza za Turing zinali za ulemu ndi za cisoni pamodzi. Mu 1950 analemba pepala lochuka lofunsa ngati makina angathe kuganiza. Mu 1951 anamsankha kukhala Fellow wa Royal Society, ndipo mu 1952 anasindikiza masamu olongosola umo mawanga ndi mizere zimaonekera pa zamoyo. Koma m'caka comweco anamuimba mlandu wa cikondi ndi mwamuna mnzace, cimene lamulo la Britain la nthawiyo linali kuletsa. Anampatsa kusankha pakati pa ndende ndi mankhwala osintha thupi, iye nasankha mankhwala, amene anamsautsa caka cathunthu. Boma linamcotseranso cilolezo cogwira nchito za cinsinsi. Oweruza sanadziwe kukula kwa zimene anacitira dziko lace, pakuti nkhani ya Bletchley Park inabisidwa kufikira zaka za m'ma 1970. Anamwalira pa 7 June 1954 m'nyumba mwace ku Wilmslow, ndi poizoni wa cyanide, ali ndi zaka 41. Bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti anadzipha, koma amai ace anakhulupirira kuti inali ngozi.

Dziko lace linacedwa kuona colakwa cace. Lamulo lija linasinthidwa ku England mu 1967. Mu 2009 nduna yaikulu Gordon Brown inapepesa m'dzina la boma, mu 2013 Mfumukazi Elizabeth inamkhululukira mlanduwo, ndipo kuyambira pa 23 June 2021 nkhope yace iri pa ndalama ya pepala ya mapaundi 50. Mphotho yaikulu koposa ya akatswiri a kompyuta, imene iperekedwa kuyambira mu 1966, ichedwa ndi dzina lace.

Ine ndikaganizira moyo wace, cimene cindikhudza si kucenjera kwace kokha, pakuti kucenjera kotero si tonse tinapatsidwa. Iye anali munthu wophonya monga ife, ndipo anafuna njira zakuti zophonyazo zizionekera msanga. Njirazo nzotheka kwa wophunzira ali yense. Tsono anzanga a m'phunziro la kompyuta, masewera anu akadzaima, musafulumire kunena makina. Lembani cimene ciyenera kukhala coona pa sitepe iri yonse, sungani mbiri ya zimene zacitika, ndipo konzeranitu zimene pulogalamu idzacita wosewera akadina polakwika. Mukatero, madzulo amene mukadaononga ndi kulota mudzawagwiritsa nchito posewera.